Lipoti la pikapu yonyamula mbatatesi ku Dedza: kusankha njira yolowetsera mpweya mu injini

Galimoto imene lipotili likufotokoza ndi Toyota Hilux ya dizilo, ya injini ya 1KD-FTV imene ambiri amaitchula kuti 3.0 D-4D, ndipo inafika pagalaja yathu pa Dedza boma m'sabata yoyamba ya Okutobala itayenda makilomita opitirira 280,000. Mwini wake ndi bambo ochita malonda a mbatatesi, amene amapikula kwa alimi a ku Bembeke ndi m'midzi ya m'malire a Mozambique n'kumakagulitsa kunsi kwa phiri, ku Golomoti, ku Mtakataka mpaka ku Monkey Bay, ndipo pobwerera amasenza mpunga kapena usipa. Ndayamba ndi ulendo wawowu chifukwa ndi umene unadzalamula chisankho chonse. Pikapuyo imayamba tsiku m'tinjira ta fumbi lofiira ta kuminda, imatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, kenaka imaukweranso italemedwa, ili pa giya yachiwiri, dzuwa la masana lili paliwombo.

Dandaulo lawo linali lakuti galimoto yatha mphamvu pamtunda, ikufuka utsi wakuda, ndipo dizilo akutha msanga. Komabe sanabwere kudzafunsa chimene chavuta, popeza yankho anali nalo kale m'thumba. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za zipangizo zitatu zolowetsera mpweya mu injini zimene anaziona pa Facebook, zogulitsidwa ndi anthu oitanitsa katundu ku Johannesburg ndi ku Dubai, ndipo anati, "Amisiri, injiniyi ikubanika. Mungondisankhirapo chabwino pa zitatuzi, ine ndiitanitse, inu mudzamange." Ndinawapempha kuti asatumize ndalama kwa munthu aliyense kufikira titatsegula boneti ndi kuyeza, ndipo anavomera, ngakhale nkhope yawo inkaonetsa kuti akuona ngati ndikutalikitsa nkhani yaifupi.

Titatsegula boneti tinapeza kuti bokosi la fyuluta limene galimotoyo inabwera nalo kuchokera ku fakitale linachotsedwa. Pamalo pake panali fyuluta yofiira yooneka ngati fanulo, ya nsalu ya thonje yopakidwa oyilo, yomangidwa pa paipi ya chitsulo pambali penipeni pa injini popanda chotchinga chilichonse. Bambowo anafotokoza kuti mphwawo, amene amayendetsa galimotoyo masiku ambiri, ndiye anakaimangitsa ku Lilongwe miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo masiku oyambirira onse awiri anakondwera chifukwa akaponda moto injini inkalira mwaukali. Zimenezi zikutanthauza kuti ankafuna kugula chipangizo chachiwiri kuti chikonze zimene choyamba chinalephera. Mwamwayi bokosi lakale sanalitaye. Linali kunyumba, m'chipinda chosungiramo feteleza.

Choyamba chimene ndimachita pa galimoto yotere n'chosafuna chida chamtengo. Ndinamasula paipi ya kuseri kwa fyuluta, mbali imene mpweya uyenera kukhala utasefedwa kale, n'kupukuta mkati mwake ndi kansalu koyera. Kansaluko kanatuluka kofiira, ndipo pochipekesa pakati pa zala chimene chinakakamirapo chinkachita kumveka kukhakhala ngati phulusa la mchenga. Titaunika ndi tochi pakamwa pa turbo, chipangizo cha timapiko chimene chimapanikiza mpweya n'kuukankhira mu injini, tinaona kuti m'mphepete mwa timapiko take, mmene muyenera kukhala mosongoka, mwayamba kubuntha ndi kutuwa. Makina oyezera atalumikizidwa ku kompyuta ya galimoto anaonetsa nambala ya P0101, imene imasonyeza kuti sensa yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, imene amisiri timaitchula kuti MAF, ikupereka chiwerengero chosagwirizana ndi mmene injini ikuyendera. Kawaya ka sensayo kanali katakutidwa ndi oyilo wosakanikirana ndi fumbi, wochokera ku fyuluta imene mphwawo uja ankaipaka oyilo mopitirira muyeso akaichapa. Kuwonjezera pamenepo, paipi ya labala yochokera ku intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera ku turbo usanalowe mu injini, inali itang'ambika kunsi pafupi ndi chomangira, ndipo m'njira ya EGR, imene imabweza utsi wina mu injini, munali mwaye wochuluka moti bowo linali litachepa.

Ndiyenera kuvomera kuti ndisanaone zonsezi maganizo anga anathamangira ku ma injector, tizipangizo topopera dizilo m'masilinda, chifukwa injini ya dizilo ya msinkhu umenewu ikayamba utsi wakuda nthawi zambiri mlandu umakhala kumeneko, ndipo ndinali nditayamba kale kuwakonzekeretsa bambowo kuti akhoza kumva mtengo wowawa. Manambala a ma injector onse anayi anapezeka ali m'malire oyenera, ndipo ndinabweza mawu anga.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene zipangizo za pazithunzi zija sizikanathandizira, ayenera kudziwa mmene injini ya dizilo imapezera mphamvu. Pa injini ya petulo dalaivala akaponda moto amatsegulira mpweya, ndipo mafuta amatsatira mpweyawo. Pa dizilo si choncho. Injini imakoka mpweya wochuluka kuposa umene ikufunikira, ndipo chimene chimalamula mphamvu ndi kuchuluka kwa dizilo amene kompyuta yalola kuti apopedwe. Pa 1KD-FTV, imene ku mbali ino ya Africa inkagulitsidwa ndi mphamvu ya 120 kW, kompyuta yomweyo ndiyo imauzanso turbo mlingo wa mpweya umene iyenera kukankha, ndipo ikaufikira imalekera pomwepo, kaya fyuluta ndi ya pepala kaya ndi ya nsalu. Choncho fyuluta yolola mpweya wambiri siwonjezera mphamvu imene dalaivala angaimve pokhapokha ngati yakaleyo inali yotsekeka kwenikweni. Mphamvu ya galimoto ya bambowa inkathawira pa paipi yong'ambika ija, pamene mpweya umene turbo yavutika kuupanikiza unkatulukira kunja, komanso pa sensa yonama imene inkasokoneza kompyuta.

Pali chinthu china chimene ife a ku Dedza timakhala nacho tsiku ndi tsiku osachiganizira. Boma lathu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Mukayatsa kiyi injini isanalire, makina oyezera amaonetsa kuti kupanikiza kwa mpweya wa kunja ndi pafupifupi 84 kPa, pamene m'mphepete mwa nyanja yamchere amaonetsa 101 kPa, ndipo ku Monkey Bay chiwerengerocho chimakhala cha m'ma 95. Galimoto yokwera kuchokera ku Golomoti ikamayandikira pamwamba turbo yake imayenera kuzungulira kwambiri kuti ibwezeretse mpweya umene phiri lachotsa, ndipo turbo imene timapiko take tabunthitsidwa ndi fumbi imagonja msanga pa ntchito imeneyi.

Bambowo sanakhutire ndi mawu okha, ndipo sindinawaimbe mlandu, chifukwa wogulitsa wa pa Facebook anawalonjeza mphamvu yowonjezera ndipo ine ndinkawalonjeza bokosi lakale lakuda. Tinagwirizana kuti tiyeze zonse ziwiri iwo ali pomwepo. Titasintha paipi yong'ambika, kutsuka sensa ndi mankhwala ake ndi kuchotsa mwaye, tinatuma mphwawo kukatenga bokosi lija kunyumba. Chida choyezera kubanika kwa mpweya tinachipanga tokha ndi paipi ya pulasitiki yoonekera mkati, yopindidwa ngati chilembo cha U, yothiramo madzi a utoto ndi kukhomeredwa pa thabwa lokhala ndi rula. Mbali imodzi tinailumikiza kutsogolo kwa turbo, ndipo mnyamata wathu wophunzira ntchito anakhala kutsogolo atafungatira thabwalo, n'kumawerenga mmene madzi akukwerera pamene tikukwera mtunda wina wa pafupi ndi boma titasenza matumba a mchenga. Masentimita 10 a madzi amafanana ndi pafupifupi 1 kPa.

Ndi fyuluta yofiira ija madzi anakwera masentimita 9. Ndi bokosi la ku fakitale lokhala ndi fyuluta ya pepala yatsopano anakwera masentimita 21. Fyuluta yofiira inapambanadi pamenepa, koma kusiyana kwa masentimita 12 ndi 1.2 kPa chabe, kumene sikufika ngakhale magawo 2 pa 100 alionse a mpweya wa ku Dedza. Nkhani inatembenuka titayang'ana kutentha. Tsikulo kunja kunali madigiri 26. Fyuluta yofiira, popeza inkakoka mpweya wa pansi pa boneti, pafupi ndi injini yotentha, inaonetsa madigiri 52 tili pakati pa mtunda, pamene bokosi, limene limakoka mpweya wa m'kati mwa fenda, chitsulo chophimba tayala lakutsogolo, linaonetsa 31. Mpweya ukatentha umatambasuka n'kupepuka, pafupifupi magawo 3 pa 100 pa madigiri 10 alionse, kotero kuti fyuluta imene inkapindula magawo osafika 2 inkataya pafupifupi 6. Intercooler ya galimotoyi, imene ili pamwamba pa injini kunsi kwa bowo la paboneti, imaziziritsa bwino galimoto ikamathamanga pa M1, koma pokwawa mtunda pa giya yachiwiri mphepo yolowa pabowolo ndi yochepa, ndipo m'pamene kutenthako kumapweteka.

Koma chimene ndinakhalitsa nacho kwambiri pokambirana ndi bambowo ndi fumbi, chifukwa kutentha kumangochepetsa mphamvu pamene fumbi limadya injini. Injini iyi ndi ya 2,982 cc, ndipo imakoka mpweya wodzaza masilinda ake kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi imameza malita pafupifupi 3,000 a mpweya pa mphindi imodzi turbo isanawonjezere, ndiye kuti malita 180,000 pa ola, ndipo turbo ikayamba kukankha chiwerengerocho chimayandikira kuwirikiza kawiri. M'mwezi wa Seputembala ndi Okutobala, m'njira za kuminda, makamaka mukamatsatira lole ina, mpweya wonsewo umakhala ndi timchenga tosaoneka ndi maso timene n'tolimba kuposa chitsulo cha maring'i a mapisitoni. Tikadutsa fyuluta timayamba ndi timapiko ta turbo, kenaka timasakanikirana ndi oyilo wa m'masilinda n'kumapala makoma ake pang'onopang'ono. Ndinawapatsa chitsanzo cha masamu kuti aone mmene manambala a pa mabokosi amanyengera: fyuluta yogwira magawo 99.5 pa 100 ndi ina yogwira 97 zimaoneka ngati mapasa, koma pa magalamu 100 a fumbi yoyamba imadutsitsa theka la galamu ndipo yachiwiri imadutsitsa magalamu atatu, kutanthauza kuwirikiza kasanu ndi kamodzi. Opanga mafyuluta odalirika amayeza katundu wawo motsatira muyeso wa ISO 5011 ndipo amatha kuonetsa zotsatira zake. Pa zithunzi zitatu zija panalibe ngakhale chimodzi chimene chinkatchula za kasefedwe ka fumbi. Zonse zinkanena za mphamvu ndi kulira kwa injini.

Tinabwerera ku zithunzizo chimodzichimodzi. Choyamba chinali fyuluta ya fanulo ina, yaikulu kuposa imene anali nayo, ndipo sitinachedwe nacho. Chachiwiri chinali chabwinoko pochiona: bokosi lotseka la pulasitiki, paipi yosalala yonenepa, ndi fyuluta ya nsalu yochapa mkati. Chimenechi chikanathetsa vuto la kutentha, koma chikanasiya mavuto awiri. Fyuluta ya nsalu imadalira oyilo kuti agwire fumbi, ndipo imafuna munthu wosamala amene adzaichapa, kuiumitsa pamthunzi ndi kuipaka oyilo wake weniweni pa mlingo woyenera. Ikachepa oyilo fumbi limadutsa, ikachuluka sensa imadetsedwa, ndipo tinali titaona kale mmene ntchito imeneyi imagwiridwira pakhomo pa bambowa. Vuto lina ndi la kukula kwa paipi. Sensa ya MAF imayeza kachigawo kochepa ka mpweya, ndipo kompyuta imawerengera wonsewo poganiza kuti paipi ndi ya kukula kumene fakitale inaika. Paipi ikanenepa mpweya umadutsa pa sensa mofatsa, kompyuta imaganiza kuti walowa wochepa, ndipo nambala ya P0101 ikhoza kubwereranso sensa ili yoyera. Wogulitsayo atafunsidwa pa foni za kukula kwa paipi pamalo pa sensa anangoyankha kuti chipangizocho chimakwana pa Hilux iliyonse, ndipo yankho limenelo linandikwanira.

Chachitatu chinali snorkel, paipi yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kufika padenga, imene imasiya bokosi la ku fakitale pamalo pake n'kungosintha kumene mpweya ukuchokera. Bambowo anachiika pomalizira chifukwa ankaganiza kuti ndi chokongoletsera cha magalimoto a alendo oona nyama. Kwa ine chinali chokhacho chimene chinkayankha ulendo wawo. Fumbi lochuluka limakhala m'munsi, pafupi ndi matayala, pamene fenda imakokera mpweya, ndipo padenga limakhala locheperapo. Nyengo ya dzinja, mitsinje yotsika m'mapiri ngati Livulezi ndi Nadzipulu imadzaza mwadzidzidzi, ndipo tinjira ta m'midzi ya kunsiko timadutsa m'makhwawa opanda milatho. Madzi sapanikizika ngati mpweya, kotero kuti kapu imodzi ikalowa m'silinda ya dizilo imatha kupinda chitsulo chogwira pisitoni nthawi yomweyo. Ndinawachenjeza komabe kuti snorkel sisandutsa galimoto bwato: madzi amalowabe m'madifu ndi m'giyabokosi kudzera m'timabowo topumira, amawononga zamagetsi, ndipo mtsinje wothamanga umakokolola pikapu injini ikulira bwinobwino.

Bokosi la ku fakitale la galimoto imeneyi anthu amalipeputsa chifukwa silikongola, koma linapangidwa mwanzeru. Ndi lozungulira, ndipo mpweya ukalowa umayamba wazungulira m'mbali mwake, fumbi lolemera n'kuponyedwa kukhoma ndi kugwera pansi, pamene pali kamlomo ka labala kotayira kunja. Kamlomoko pa bokosi la bambowa kanali katauma n'kung'ambika, ndipo tinakasintha.

"Koma amisiri," anatero bambowo titamaliza, "ija yofiira inkalira bwino." Ndinawapatsa kansalu kaja, kamene ndinali nditakasunga m'kathumba ka pulasitiki, ndipo atakayang'ana kanthawi anafunsa mtengo wa turbo yatsopano. Nditawauza, nkhani ya kulira inathera pomwepo. Chikhalireni kugwa kwa kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, zipangizo zoitanitsa kunja zakhala zolemera kwa wamalonda wamng'ono, choncho tinagawa ntchitoyo pawiri. Tsiku lomwelo galimoto inatuluka ndi bokosi lake, fyuluta ya pepala yeniyeni, paipi yatsopano ndi oyilo watsopano, popeza wakaleyo anali atamwa fumbi kwa miyezi inayi. Snorkel inadikira kufikira atagulitsa maulendo angapo.

Posankha snorkel tinayang'ana zinthu zimene sizioneka pa chithunzi. Tinafuna yopangidwira galimoto ya mtundu umenewu ndi chaka chimenechi, yobwera ndi pepala losonyeza poboola fenda, ya pulasitiki yochindikala ya polyethylene yopirira dzuwa, chifukwa zotchipa zina zimauma n'kusweka patangopita chilimwe chimodzi kapena ziwiri, ndipo snorkel yosweka imayamwira fumbi ndi madzi pamalo pamene mwini wake akuganiza kuti ndi potetezedwa. Titaboola fenda tinapaka penti yoteteza dzimbiri m'mphepete mwa bowo lililonse, tinamata molumikizira monse, ndipo pofuna kutsimikiza tinatseka pakamwa pake n'kupoperamo utsi kuti tione ngati pali potulukira. Panapezeka pamodzi, pamene paipi imalowa m'bokosi, ndipo tinakonzapo. Amisiri ena amayesa potseka pakamwa pa snorkel ndi dzanja injini ikulira kuti aone ngati izime. Ine sindiikonda njira imeneyi chifukwa imakakamiza turbo kuyamwa oyilo.

Pa mutu wa snorkel m'pamene ndinalakwitsa. M'malo mwa mutu wamba woyang'ana kutsogolo ndinalangiza mutu wozunguza mpweya, wokhala ndi mbale yoonekera mkati imene imasonkhanitsa fumbi lisanafike pa fyuluta, ngati umene umakhala pa mathirakitala. Woyamba umene tinaupeza unali waung'ono, woyenera injini yozungulira pang'onopang'ono, ndipo ndinaumanga osafunsa kuchuluka kwa mpweya umene umatha kudutsitsa. Titabwerera pamtunda wathu uja ndi thabwa la madzi, madziwo anakwera masentimita 48, ndipo utsi unayambanso kuoneka pagalasi loonera kumbuyo. Ndinauchotsa, ndinaitanitsa wokulirapo pa ndalama za galaja, ndipo umenewo unaonetsa masentimita 29, chiwerengero chimene ndinachivomereza poganizira fumbi limene mbaleyo ikugwira.

Malangizo a kasamalidwe ndinawapereka kwa mphwawo bambowo ali pomwepo, chifukwa ndiye amakhala ndi galimoto. Mbale ya pamwamba azikhuthula madzulo alionse nyengo ya fumbi. Bokosi asamalitsegule kawirikawiri, popeza kutsegula kulikonse kumagwetsera fumbi ku mbali yoyera. Koposa zonse asamapemerere fyuluta ya pepala ndi kompresa ya pokonzera matayala, monga mwa chizolowezi cha madalaivala ambiri, chifukwa mpweya wamphamvuwo umang'amba timabowo tosaoneka ndipo fyuluta imabwerera m'bokosi ikuoneka yoyera koma itasanduka chosefera ufa. Pogula ina aziyang'ana labala wa m'mphepete, pakuti mafyuluta achinyengo a pamsika nthawi zambiri amakhala ndi labala wolimba amene sagwira bwino pakhoma la bokosi.

Galimotoyo inabweranso kumapeto kwa Januwale itayenda makilomita ena pafupifupi 5,000, theka lake m'matope. Kansalu koyera kanatuluka koyera, nambala ya P0101 sinabwerere, ndipo mphwawo anati Khwekhwerere akuikwera pa giya yachitatu m'malo ambiri amene kale ankatsitsa yachiwiri, phindu limene ndikulipereka kwa paipi yatsopano ndi sensa yoyera osati kwa snorkel. M'bokosi munalibe chinyezi ngakhale anawoloka makhwawa kangapo. Zimene fumbi linadya kale sizinabwerere: timapiko ta turbo tikadali tobuntha, ndipo injini ikumwa oyilo pafupifupi lita imodzi pa makilomita 3,000 alionse, zimene bambowo akuti kale sizinkachitika. Ndalemba chiwerengerochi m'kaundula wa galimotoyo, ndipo tapangana kuti abwerenso mu Epulo, mvula ikatha fumbi lisanayambe, kuti tidzayeze kupanikiza kwa masilinda onse anayi ndi kuona ngati shafiti ya turbo yayamba kugwedera.